Osewera Disc Golf Akhoma Okha Tingolo Tonyamulira Mbale Zawo

Ku America ndi ku maiko a kumpoto kwa Ulaya kuli masewera otchedwa disc golf, amene anthu amapikisana poponya mbale zapulasitiki m'dengu lachitsulo. Mbalezi si zodyera ai, koma zopangidwira kuuluka. Masewerawa abala luso lina limene eni ake sadaliyembekezere: osewera ambiri, pofuna kuteteza misana yawo ndi ndalama zawo, asanduka amisiri okhoma tingolo toyendetsa pamanja, ndipo zipangizo zambiri amatola pa zinthu zimene anzawo adataya kale.

Masewera ake ndi otani?

Bwalo la disc golf silikhala losalala ngati la mpira. Limakhala m'nkhalango, m'zitunda, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapaki a m'mizinda. Pabwalopo amazika madengu 9 kapena 18 motalikirana. Dengu lililonse limakhala pa mzati wachitsulo, cha m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo pamwamba pake pamalendewera maunyolo amene amaletsa mbale ikawomba kuti igwere m'kati. Wosewera amaponya ali pa malo oyambira, napita pamene mbale yagwera, naponyanso, mpaka italowa. Wopambana ndi amene wamaliza madengu onse ataponya kochepa kuposa anzake.

Bambo Ed Headrick, amene ankagwira ntchito ku kampani ya zoseweretsa ya Wham-O, ndiwo adakhazikitsa bwalo loyamba lokhalitsa mu 1975 ku Oak Grove Park, pafupi ndi Pasadena m'chigawo cha California. Mu 1976 adayambitsa bungwe la PDGA loyang'anira malamulo a masewerawa, ndipo mu 1977 adalandira chikalata cha boma chotsimikiza kuti dengu la maunyolo lija ndi nzeru zawo. Ku Finland bwalo loyamba lidatsegulidwa mu 1983 ku Meilahti mu mzinda wa Helsinki, ndipo lero dzikolo lili ndi mabwalo mazanamazana. Mu 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, anthu ochuluka adayamba masewerawa chifukwa amachitikira panja ndipo safuna kuunjikana.

Katundu adakula, msana udadandaula

Poyamba mbale imodzi inkakwanira. Koma mu 1983 kampani ya Innova idatulutsa mbale ya m'mphepete mosongoka, youluka patali kuposa zakale, ndipo kuchokera pamenepo mbale zidayamba kusiyana ntchito: ina yoponyera patali, ina yapakatikati, ina yolowetsera m'dengu munthu akayandikira. Ina imakhotera kumanja, ina kumanzere, ina imalimbana ndi mphepo. Lero wosewera wozolowera amayenda ndi mbale 15, 20 kapena kupitirira apo.

Malamulo a PDGA amati mbale isapitirire magalamu 200, ndipo kupingasa kwake kusachepere masentimita 21. Zambiri zimalemera magalamu 165 mpaka 175. Ndiye kuti mbale 20 zokha ndi makilo atatu ndi theka. Kuwonjezera apo pali madzi akumwa malita awiri, amene ndi makilo enanso awiri, kamba, ambulera, jasi la mvula, mathaulo opukutira mbale, kampando ndi ndodo yovuulira mbale ikagwera m'dziwe.

Vuto lenileni si kulemera kokha ai, koma kutula ndi kusenzanso. Dengu limodzi kawirikawiri limafuna kuponya katatu, choncho pa madengu 18 munthu amaponya ka 54 kapena kupitirira, ndipo nthawi iliyonse ayenera kutula chikwama, kuwerama, kusankha mbale, kuponya, ndi kuchiberekanso. Pa mpikisano amatha kuzungulira bwalo kawiri tsiku limodzi. Phewa limene likunyamula katundu ndi lomwelo limene likuponya. Kwa achikulire ndi amene ali ndi vuto la msana kapena mawondo, kangolo ndiko kamagamula ngati apitiriza kusewera kapena asiya.

Makampani adaona msika. Ya Zuca ya ku California, imene idayamba ndi zikwama zamagudumu za ana asukulu, imapanga kangolo ka magudumu awiri kokhala ndi mpando pamwamba, wotha kunyamula munthu wa makilo 136. Ya Rovic imapanga ka magudumu atatu kokankha. Koma tingolo ta m'sitolo timagulidwa madola 200, 300 ngakhale kupitirira. Pa mtengo wa ndalama wa mu 2024, pamene dola imodzi inali pafupifupi mametikali 64, madola 300 ndi mametikali oposa 19,000. Ngakhale ku America komweko alipo ambiri amene amaona kuti ndalama zotere n'zosaponyera pa kangolo. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo iwowa amayamba ndi kusanthula zimene zili kale pakhomo.

Chikuku cha mwana chisanduka kangolo

Chinthu chimene amachifuna kwambiri ndi chikuku cha mwana cha magudumu atatu, chimene makolo amakankha akuthamanga kolimbitsa thupi. Chikuku cha mtundu umenewu chidayamba kugulitsidwa mu 1984 ndi kampani ya Baby Jogger ya ku Yakima, m'chigawo cha Washington. Mwana akakula chimangokhala m'nyumba, ndipo eni ake amachigulitsa motchipa kapena kuchipereka ulere.

Kwa mmisiri chikukuchi ndi chuma. Chili kale ndi magudumu a masipoko ndi machubu ngati a njinga, awiri akumbuyo a mainchesi 16 ndi lakutsogolo la mainchesi 12 pa zikuku zambiri. Chili ndi chogwirira, buleki, ndipo chimapindika kuti chilowe m'galimoto. Iye amangochotsa nsalu yokhalapo mwana, naikapo thabwa kapena kreti yapulasitiki, nazimanga ndi mabawuti, kenako nakhazikapo chikwama cha mbale. Ntchito ya tsiku limodzi.

Ena safuna za chikuku. Amayambira pachiyambi penipeni ndi matabwa, mapaipi apulasitiki a madzi, zitsulo zowotcherera, magudumu a njinga za ana, kapena bokosi losungiramo zakumwa zozizira limene amaliboola n'kupisamo chitsulo cha magudumu. Apa ndi pamene pamaonekera mmisiri weniweni, chifukwa kangolo kokongola m'nyumba kamatha kuchititsa manyazi m'nkhalango.

Magudumu ndiwo mwini nkhani

Choyamba kuganizira ndi kukula kwa gudumu. Gudumu limakwera mwala kapena muzu mosavuta ngati chopingacho n'chaching'ono poyerekeza ndi theka la msinkhu wake. Chopinga chikafika pakati pa gudumu, ngakhale munthu akankhe chotani kutsogolo, silikwera, limangogunda. Gudumu la mainchesi 12 ndi lotalika masentimita 30, ndiye kuti pakati pake pali pa masentimita 15 kuchokera pansi. Kagudumu ka sutikesi kamaima pa kamwala kalikonse ndipo kamatitimira mu mchenga ndi m'matope. N'chifukwa chake amisiriwa amakonda mainchesi 12 kupita m'mwamba.

Matayala a mpweya amayenda mofewa, koma kumadera ouma monga Texas ndi Arizona minga imawaboola. Kumeneko ena amathira mankhwala omata m'chubu, ena amaika matayala ogwirira osafuna mpweya, ngakhale kuti amagwedeza katundu.

Chachiwiri ndi mtanda wachitsulo umene magudumu amazungulirapo. Uyenera kukhala wolimba ndi wolowa bwino m'mabering'i, wosagwedera. Utali wake ndi nkhani ya muyeso. Magudumu akayandikana kwambiri, kangolo kamagubuduka poyenda m'mbali mwa chitunda ndipo mbale zimamwazika m'thengo. Akatalikirana kwambiri, sikapita pakati pa mitengo, pa timilatho ta matabwa, ngakhale kulowa m'galimoto. Ambiri amakhazikika cha pa masentimita 60.

Chachitatu ndi malo a katundu. Cholemera chikhale pansi ndiponso pamwamba penipeni pa mtanda. Katundu akakhala kutali ndi mtanda, ku mbali ya chogwirira, dzanja ndi limene limamunyamula, ndipo munthu amakhala wangosamutsa ululu kuchoka ku msana kupita ku mkono. Akapitirira tsidya lina la mtanda, chogwirira chimadzuka chokha. Madzi, popeza ndi olemera, amakhala pansi. Jasi ndi thaulo ndizo zokhala pamwamba.

Pali kusankhanso pakati pa kukoka ndi kukankha. Ka magudumu awiri kamakokedwa kumbuyo, ndipo kamakwera mizu ndi masitepe bwino. Ka magudumu atatu kamaima kokha ndipo sikatopetsa pa malo osalala, koma pa chitunda kakasiyidwa popanda buleki kamathawa kokha mpaka kumtsinje.

Chogwirira chifike pamene dzanja limafika munthu ataimirira mowongoka. Chikafupika, amayenda chowerama ndipo kangolo kamamuponda zidendene.

Bokosi, mpando ndi zokometsera

Bokosi la mbale amaliyeza ndi mbale zimene. M'kati mwake mumapingasa pafupifupi masentimita 23 kuti mbale zilowe choimirira, ngati mabuku pa shelefu, ndipo mzere wa mbale 20 umafuna masentimita 35 mpaka 40. Amaziimika chotero kuti aone mtundu wa iliyonse n'kuisolola osasuntha zinzake. Pansi amaboola timabowo totulutsira madzi a mvula ndi mchenga. Thabwa amalipaka penti kapena vanishi mbali zonse, chifukwa udzu wa mame umaoletsa msanga.

Mpando umakhala chivindikiro cha bokosi lomwelo. Pa mpikisano anthu amadikirana nthawi yaitali, ndiye pokhala n'pofunika. Koma kangolo kokhalapo munthu kamafuna miyendo iwiri yofika pansi, kuti thupi la munthu lisatsamire pa mtanda wokha n'kuupinda.

Zimenezi zikatheka mpamene mwini amayamba kukometsa monga akufunira. Chidutswa cha paipi chomangidwa choimirira chimagwira ambulera. Kathumba ka pa chogwirira kamasunga mbale zolowetsera m'dengu, popeza zimafunika pa dengu lililonse. Pamakhala ngowe ya thaulo, pokhazika botolo, poika foni kapena khadi lolembapo zigoli, ndi timadigadi toletsa matope. Ena amapaka utoto wa timu imene amaikonda, ena amalemba dzina lawo, ena amaika nyale zosewerera usiku.

Msampha uli pomwepa. Chilichonse chowonjezera chili ndi kulemera kwake, ndipo kangolo kamene kadapangidwa kuti kapeputse katundu kamatha kulemera kuposa katunduyo. Pa bwalo la mapiri okhaokha ndi miyala, osewera ambiri amakasiya kunyumba n'kubereka chikwama chaching'ono. Amisiri ochenjera asanapake penti amayamba adzaza kangolo ndi katundu yense, nakayendetsa pa chitunda, m'matope ndi pa mizu, kuti aone pamene kakupendekera ndi bawuti imene ikumasuka. Kukonza thabwa losapaka n'kosavuta kusiyana ndi kuphwasula chinthu chomaliza.

Amisiri a kuno sangadabwe nazo

Mbale zouluka ndi madengu a maunyolo ndi zachilendo m'midzi ya m'malire muno, koma nzeru ya kangoloka si yachilendo. Anyamata okankha tchova m'misewu ya Maputo, Beira ndi Tete amadziwa kuti katundu akasanjidwa bwino pamwamba pa magudumu, munthu mmodzi amayendetsa matumba amene sakadatha kuwasenza. Alimi a ku Angónia ndi Tsangano amadziwa kuti ngolo ya mbatatesi ikalemera kutsogolo goli limapsinja makosi a ng'ombe, ndipo ikalemera kumbuyo limazinyamula m'mwamba.

Pamene pali kusiyana ndi pa katundu wamng'ono wa tsiku ndi tsiku. Chigubu cha malita 20 ndi makilo 20, ndipo amachisenza pamutu ndi amayi ndi atsikana, kangapo pa tsiku. Wilibala imathandiza, koma popeza gudumu lake ndi limodzi ndipo lili kutsogolo, gawo lina la katundu limatsalira m'manja. Kangolo ka magudumu awiri a njinga, mtanda wolimba ndi bokosi lokhala pansi pakati pa magudumuwo kamanyamula zigubu ziwiri kapena thumba la kuchigayo, munthu n'kumangowongolera.

Malimu akale, mahabu ndi masipoko zilipo kwa okonza njinga a ku Ulónguè, ku Zóbuè ndi m'misika ina ya m'malire, ndipo owotcherera zitsulo ndi akalipentala aliponso. Amene angafune kuyesa ayambe wayeza zigubu zake, aone njira ya kuchitsime ndi kuchigayo ngati ili ya mchenga, ya miyala kapena yokwera, kenako apite kwa mmisiri ndi miyeso ili m'manja.