Mwapambana bwanji mpikisano umene simunalowe?

Lachitatu lililonse tikamaliza mapemphero a pakati pa sabata, ife a dipatimenti ya zaumoyo timatsalira m'tchalitchi kuti tiyeze abale ndi alongo kuthamanga kwa magazi. Mwezi wa Julaye chaka chatha, chisanu cha kuno ku Dedza chili pachimake, kunabwera mayi ena amene BP yawo imakhala bwino nthawi zonse. Tsikuli makina anaonetsa manambala okwera kwambiri. Tinabwereza kawiri, osasintha. Titawafunsa ngati akugona bwino, anaweramitsa mutu n'kuyamba kulira.

Mayiwa anali atangogulitsa kachewere wawo kwa mavenda ku Bembeke. Patapita masiku ochepa analandira uthenga pa foni wonena kuti nambala yawo yapambana K5 miliyoni. Posakhalitsa anaimba bambo wina wolankhula mwaulemu, kuwafunira mafuno abwino. Anati kuti ndalamazo zituluke, atumize kaye K60,000 ya msonkho. Atatumiza, mawa lake anafuna K90,000 ya mapepala. Anatumizanso. Tsiku lachitatu foni ya bambo uja sinkapezekanso. Ndalama za feteleza ndi fizi ya mwana zinapita choncho, ndipo kwa milungu itatu mayiwa anasunga nkhaniyi mumtima osawauza ngakhale amuna awo.

Chinyengo ichi n'chakale. Kunja amachitchula kuti 419, dzina lochokera ku gawo la malamulo a dziko la Nigeria loletsa kupeza chuma mwachinyengo. Poyamba chinkayenda m'makalata a papositi, kenako chinalowa mu imelo, ndipo lero chikutipeza pa SMS, WhatsApp ndi Facebook. Aphunzitsi, anamwino ndi ana athu a ku koleji amalandira maimelo onena kuti adilesi yawo yasankhidwa ndi kompyuta pa lotale ya ku Britain kapena ku Spain. Ena amabera maina a makampani odziwika monga Microsoft ndi Coca-Cola, n'kuikapo setifiketi yokongola yokhala ndi zidindo. Kuno kwathu, apolisi ndi nyuzipepala akhala akunena kuti ena mwa mauthenga otere amatumizidwa ndi akaidi a kundende ya Zomba pa mafoni olowetsedwa mobisa.

Njira yake ndi imodzimodzi. Wakubayo amatumiza uthenga womwewo kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti akayankha awiri kapena atatu, wadya. Mphotho kulibe. Chimene akufuna ndi ndalama zimene mutumize poyamba, nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika.

Tingauzindikire bwanji uthenga wabodza? Funso loyamba n'lakuti: kodi mpikisanowu ndinalowa? Ngati simunagule tikiti kapena kulembetsa, palibe chimene mwapambana. Chachiwiri, mphotho yeniyeni salipirira. Aliyense wokuuzani kuti mutumize kaye ya msonkho, ya loya kapena ya thiransipoti ndi wakuba. Chachitatu, amakufulumizitsani kuti pofika madzulo mwayi utha, ndipo amakuuzani kuti musauze munthu. Amadziwa kuti mukafunsa mnzanu, chinyengo chiululika. Chachinayi, onani kumene uthenga wachokera. Kampani yaikulu siilemba kuchokera pa adilesi wamba ya Gmail kapena Yahoo, ndipo siitumiza ndalama zake ku nambala ya munthu.

Uthenga wotere ukafika, musayankhe, ngakhale kungofuna kumukalipira, chifukwa mukayankha amadziwa kuti nambala kapena adilesi yanu ikugwira ntchito. Musatsegule linki kapena chikalata chimene amata pa imeloyo, popeza zina zimaba mapasiwedi. Wina akamakuimbirani n'kumakuuzani manambala oti mudine pa foni yanu, dulani. Nambala yachinsinsi ndi yanu nokha; wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya mafoni saifunsa. Ngati mukukayika, pitani nokha ku ofesi ya kampaniyo pa boma mukafunse.

Chiphaso chanu muchisamalenso. Kuyambira 2018, bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ikhale yolembetsedwa. Akuba amafuna masimu olembetsedwa m'maina a anthu ena kuti asagwidwe. Mukabwereketsa chiphaso kwa munthu wosamudziwa bwino, tsiku lina apolisi angagogode pakhomo panu pa mlandu umene simunapalamule.

Nanga ngati mwatumiza kale? Thamangani tsiku lomwelo. Imbirani kampani yanu ya foni kapena banki muwapatse nambala imene yalandira ndalama, sinthani nambala yachinsinsi, ndipo kanenani ku polisi. Mauthenga onse asungeni ngati umboni. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loona za milandu ya pa makina ndi pa intaneti. Ndalama sizibwerera kawirikawiri, koma kunena kumathandiza kuti nambalayo itsekedwe. Chenjeraninso ndi wina amene angaimbe pambuyo pake kuti akuthandizani kubweza ndalamazo mukamulipira pang'ono. Nthawi zambiri amakhala gulu lomwelo.

Ife a Adventist tili ndi chitetezo china chimene timachiiwala. Mpingo wathu umatiphunzitsa kupewa juga ya mtundu uliwonse, kuphatikizapo lotale. Banja limene silichita juga silifunika kuganiza kawiri likamva kuti lapambana. Komabe tisaweruze amene agwa. Feteleza akakwera mtengo, mwana atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mtima umalakalaka thandizo lililonse, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Manyazi ndi amene amadwalitsa: munthu sagona, sadya, BP imakwera, m'nyumba mumayamba mikangano.

Mayi aja tinawaperekeza kwawo pamodzi ndi mkulu wa mpingo, ndipo anawafotokozera amuna awo zonse. Bambowo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati nawonso analandirapo uthenga wotero. Ndalama sizinabwerere. Amayi a Dorika anasonkha zothandizira fizi, ndipo BP ya mayiwa inatsika patapita milungu ingapo. Lero ndi iwo amene amachenjeza anzawo ku Dorika. Madzulo ano pa mapemphero a banja, kambiranani ndi agogo ndi ana omwe, ndipo mugwirizane kuti pakhomo panu palibe wotumiza ndalama kwa mlendo asanafunse mnzake.