Chithunzi kapena kanema: chimagulitsa malonda pa foni ndi chiti?

Pa Chifunga m'boma la Neno, m'mbali mwa msewu wochokera pa Zalewa kupita kuchipata cha Mwanza, malonda akhala akudalira galimoto zodutsa. Minibasi ikangoima, ogulitsa amathamangira pawindo, ndipo wogula amaona katundu ndi maso ake, n'kumugwira, asanatulutse ndalama.

Masiku ano pali wogula wina amene sadutsa pamsewupo. Iyeyu ali ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo amaona mbuzi, thumba la nandolo kapena dengu la manachesi pa WhatsApp ndi pa Facebook, kenaka n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Wamalonda wofuna kumukopa amakumana ndi funso lomwe makampani akuluakulu nawonso akulimbana nalo: aike chithunzi kapena kanema?

Funsoli silidabadwire ku Malawi kuno. Tsamba la Instagram lidayamba m'chaka cha 2010 ngati malo oikapo zithunzi. TikTok itatchuka ndi makanema aafupi, Instagram idayambitsa makanema ake otchedwa Reels mu 2020, ndipo mu 2021 mkulu wake, Adam Mosseri, adalengeza kuti tsambalo silidalinso la zithunzi zokha. Makampani ambiri adathamangira kujambula makanema poopa kutsalira. Koma kumayambiriro kwa 2023 Mosseri yemweyo adavomereza kuti tsamba lake lidapitirira muyeso pokankhira anthu makanema m'chaka cha 2022. Nayo TikTok idatsegula mwayi woti anthu aziika zithunzi. Apa zidaoneka kuti palibe mwa ziwirizi chimene chingalowe m'malo mwa chinzake.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe eni masambawa saiganizira kwenikweni, ndiyo bandulo. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp nthawi zambiri sichifika ngakhale MB imodzi, pomwe kanema wa mphindi imodzi amatha kudya bandulo yokwanira kutsegula zithunzi makumi angapo. Anthu ambiri adatchera foni zawo kuti zisamatsitse makanema pazokha, choncho kanema wotumizidwa pagulu amangokhala osatsegulidwa. Kumalo kumene netiweki ndi yofooka, kanemayo amangozungulira mpaka munthu kutopa. Wogulitsa nayenso amaluza kawiri: bandulo yokwezera kanema ndi batire la foni, lomwe kumidzi yambiri amachita kulipira kuti alitchaje.

N'chifukwa chake chithunzi chimakhalabe msana wa malonda apafoni. Chimatseguka msanga, chimasungika, ndipo wina amatha kuchitumiza kwa mnzake mosavuta. Ntchito yake ndi kuyankha mafunso atatu amene wogula aliyense amayamba nawo: katunduyo ndi chiyani, ndi ndalama zingati, nanga akupezeka kuti. Chithunzi chabwino chimajambulidwa panja m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa lisakuwomba kwambiri, katundu ali pamalo oyera, ndipo pambali pake pali chinthu chodziwika kukula kwake, monga chigoba kapena ndowa ya malita 20, kuti wogula adziwe mulingo. Mtengo ndi nambala ya foni zilembedwe pachithunzi pomwepo, chifukwa mawu olembedwa pansi amatha kutsalira chithunzicho chikamayenda kuchoka pafoni ina kupita pa ina.

Komabe chithunzi chili ndi chilema chake. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Anthu ambiri adaberedwapo atatumiza ndalama chifukwa cha chithunzi chokongola chomwe wakuba adangochitola pa intaneti. Apa ndi pomwe kanema amagwira ntchito imene chithunzi sichingathe. Mbuzi yotsimphina imaoneka yabwinobwino pachithunzi, koma ikayenda pakanema chilema chimaonekera. Nachesi likasendedwa n'kufinyidwa, wogula amaona yekha ngati lili ndi madzi. Makina osokera kapena injini ya njinga yamoto imafunika kumveka kulira kwake. Wogulitsa akaonetsa nkhope yake, natchula tsiku ndi malo, kumbuyo kwake kukuoneka msika womwe anthu amaudziwa, wogula wakutali amakhazikika mtima.

Kanema wotere safunika kutalika. Masekondi 15 kapena 20 ndi okwanira, ndipo chinthu chogulitsidwacho chizioneka kuyambira pachiyambi, osati pambuyo pa malonje ataliatali. Foni igwiridwe choimika popeza ndi momwe anthu amaonera, ndipo mtengo ulembedwe pakanemapo chifukwa ambiri amaonera ali m'minibasi kapena kuntchito, mawu atatseka.

Nanga mulingo wake ukhale wotani? Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense, koma pali njira yoyezera. Zinthu zosinthasintha tsiku ndi tsiku, monga mitengo ndi katundu amene wangofika, zimayenera zithunzi pa status ya WhatsApp, yomwe imafufutika pakatha maola 24. Zinthu zofuna umboni, monga chiweto, makina kapena katundu wa ndalama zambiri, zimayenera kanema. Njira yosawononga bandulo ya wina aliyense ndi kuika chithunzi pagulu, n'kusunga kanema kuti atumizidwe kwa yekhayo amene wafunsa mtengo. Wofuna kudziwika kwa anthu atsopano akhoza kuika kanema pa Facebook kapena TikTok mwa apo ndi apo, chifukwa masambawa amaonetsa makanema aafupi ngakhale kwa anthu amene sakutsatira tsamba la mwini wake.

Poyeza zotsatira, wamalonda asanyengeke ndi kuchuluka kwa anthu oonera. Kanema wovina atha kuonedwa ndi anthu zikwi popanda wogula ndi mmodzi yemwe, pomwe chithunzi cha matumba asanu a nandolo chomwe achiona anthu 40 chitha kubweretsa galimoto pakhomo. Choyenera kuwerenga ndi chiwerengero cha ofunsa mtengo ndi cha amene alipira. Kabuku kolembamo zomwe zaikidwa tsiku lililonse ndi mafoni amene abwera kamaulula zoona pakangotha mwezi umodzi.

Chofunika koposa ndi chilungamo. Malamulo a dziko lino amaletsa kutsatsa malonda monyenga, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma ngakhale nkhani isanafike kumeneko, wogula amene waona manachesi akuluakulu pafoni n'kulandira tating'onoting'ono sabweranso, ndipo amauza anzake pagulu lomwelo pomwe adaonera malondawo. Dengu lojambulidwa likhale lomwelo lokwezedwa m'galimoto.