Mlendo Wopanda Chitupa: Phunziro la ku Magomero

Awerengi athu adziwa kuti pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapha W. J. Livingstone, Mzungu woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, m'boma la Chiradzulu. Koma kodi olima thonje m'mindamo anali ayani? Ambiri anali Alomwe, amene anadutsa malire pothawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi. Pokhala alendo, analibe nthaka yawoyawo. Tsono anapatsidwa malo pa thangata: mwezi umodzi kulipirira malowo, wina kulipirira msonkho. Miyeziyo inkatalikitsidwa, koma wodandaula ankaopa kupirikitsidwa, pakuti akanalowera kuti? Thangata anathetsedwa mu 1962.

Lero ana athu ndiwo alendo ku Joni, ena opanda zitupa. Akamanidwa malipiro amangoti chete, poopa Lindela, kumene amatsekera oyenera kubwezedwa kwawo. Komatu mu 2008 bwalo la milandu ya ntchito kumeneko linagamula kuti munthu wogwira ntchito wopanda chilolezo ngwantchito ndithu, ndipo lamulo limteteza. Aphunzitsi ndi akalaliki a Boma, auzeni apaulendo mau amenewa asanakwere basi.