Mfuti Yoyenera Kuletsedwa ndi Iti? Phunziro la ku Mapiri a Chowe

Anthu akamakangana za malamulo a mfuti, kawirikawiri amagawika pawiri: ena afuna kuti ziletsedwe, ena afuna kuti ziloledwe. Koma palibe dziko limene limaletsa mfuti zonse, ndiponso palibe limene limalola zonse. Tsono mkangano weniweni uli pa malire: kodi mfuti yoyenera kuletsedwa tiizindikira bwanji, ndipo tiiletsa kwa yani? Ife tikuganiza kuti kulemba malire amenewa ndi ntchito ya chikumbumtima, chifukwa mau ochepa a m'lamulo ndiwo amagamula amene atetezedwe ndi amene asiyidwe pa mtetete. Dera la Chowe, pamene mseu wochokera ku Mangochi umakwera mapiri kulinga ku Namwera ndi ku malire a Mozambique, lili ndi mbiri yotithandiza kumvetsa zimenezi.

M'zaka za m'ma 1880 mafumu a Chiyao a kumwera kwa nyanja, monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, anali ndi mfuti zambiri zimene ankagula ndi minyanga ya njovu ndiponso akapolo. Zochuluka zinali za gogodela, zothira wonga ndi chipolopolo cha kukamwa, zoombera kamodzi n'kuyambanso kutsindira. Ansembe a White Fathers amene anakhala kwa Mponda kuyambira m'Disembala 1889 mpaka 1891 anaona malondawa ndi maso ao. Mkulu wao, Kardinala Lavigerie, anali atayendayenda ku Ulaya m'chaka cha 1888 kudzudzula ukapolo, ndipo mau ake anathandiza kuti maiko asonkhane ku Brussels.

Pangano la ku Brussels la pa 2 Julaye 1890 linagawa mfuti m'magulu awiri. Mfuti zamakono, za mizere m'kati mwa mpope, zoponya kutali ndi molunjika, zinaletsedwa kuzigulitsa m'chigawo chachikulu cha Afrika. Mfuti zakale zoyatsira ndi mwala, pamodzi ndi wonga wamba, zinaloledwa, koma m'madera okhawo mmene munalibe malonda a akapolo. Apa olemba panganolo anachita mwanzeru: anayang'ana ntchito ya mfuti, osati dzina lake. Komabe boma la atsamunda ndi anthu amene bomalo linawakhulupirira anapatsidwa mwai wokhala ndi mfuti zamakono. Motero lamulo lomwelo limene linathandiza kuthetsa ukapolo linathandizanso kulanda dziko. Jalasi anagonjetsa asilikali a Harry Johnston m'chaka cha 1892 nawalanda mzinga, koma pofika 1895 iye ndi Makanjira anali atathawira ku dziko la Apwitikizi.

Pamenepa tikupeza mafunso awiri oyesera lamulo lililonse la mfuti.

Loyamba ndi ili: kodi lamulo lagwira chenicheni cha chidacho? M'maphunziro a filosofi timasiyanitsa chimene chimachititsa chinthu kukhala chomwe chili ndi zina zongokhalapo, monga mtundu kapena kaonekedwe. Dziko la United States linapunthwa pa mwala umenewu. Lamulo lake la 1994 linazindikiritsa mfuti zina zoletsedwa powerenga zigawo zooneka, monga chogwirira ndi poikapo mpeni. Opanga mfuti anangochotsa zigawozo napitiriza kugulitsa, mpaka lamulolo linatha mphamvu mu 2004. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chenicheni cha mfuti ndi ichi: iombera kangati munthu asanaikemo zipolopolo zina, ifika kutali bwanji, ndipo ibisika mosabvuta chotani. Gogodela wa mlimi wopitikitsa nguluwe m'munda aombera kamodzi. AK-47 imanyamula zipolopolo 30 ndipo ingathe kuzitha zonse m'kamphindi. Kuziika ziwirizi m'thumba limodzi n'kusaganiza bwino.

Thomas Aquinas Woyera atithandiza pano. Iye anaphunzitsa kuti munthu aloledwa kuteteza moyo wake, malinga asagwiritse ntchito mphamvu yopitirira imene ikufunika. Ngati kudziteteza kuli ndi muyeso, chida chodzitetezera nachonso chili ndi muyeso. Chida chimene chinapangidwira kupha anthu ambiri nthawi imodzi sichingalowe m'nyumba ya munthu wamba m'dzina la chitetezo.

Funso lachiwiri ndi lowawa koposa: kodi lamulo lapatula yani? Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere ndi omtsatira anatsika kuchokera ku dera la Malindi, nalanda mfuti ku polisi ya Fort Johnston, koma anabwerera pa Liwonde atalephera kuoloka Shire. Zaka ziwiri zitapita, mu 1967, Malaŵi anakhazikitsa lamulo lake la mfuti, lofuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chilolezo. Koma m'zaka zotsatira gulu la Malaŵi Young Pioneers, limene linali dzanja la chipani, linasunga zida zankhondo pambali pa asilikali ndi apolisi, kufikira pamene asilikali anawalanda zidazo mu Disembala 1993. Mlimi ankafunsidwa chikalata cha gogodela wake, pamene mfuti zoopsa zinali m'manja mwa anthu osayankha kwa wina koma mwini chipani. Uku kunali kubwereza cholakwa cha ku Brussels, ngakhale kuti opatulidwawo tsopano anali abale athu.

Tisaiwale kuti lamulo la dziko limodzi silikwanira pa dera la m'malire. Nkhondo ya ku Mozambique itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu, ndipo zina zinaoloka malire kudzagwira ntchito ya umbanda. N'chifukwa chake maiko a SADC anasaina pangano loyang'anira mfuti ku Blantyre mu Ogasiti 2001. Mipingo nayonso sinapinde manja: kuyambira 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa Anglikani, linalandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. Munthu sataya mfuti chifukwa cha mantha okha. Aitaya akaona njira ina yodyetsera ana ake.

Nanga ife ansembe ndi ophunzira za unsembe titengepo chiani? Sitili olemba malamulo, koma tili aphunzitsi a chikumbumtima. Mkhristu akatifunsa ngati agule mfuti, tisamuyankhe ndi mau amodzi. Timfunse kuti ndi mfuti yotani, ya ntchito yanji, ndipo idzagona pati m'nyumba muli ana. Boma likafunsa maganizo a Eklezia, tiumirire zinthu ziwiri: lamulo liyeze mfuti ndi zimene ingathe kuchita, ndipo muyeso womwewo ufike kwa wamphamvu monga ufikira kwa wosauka. Lamulo lophonya choyamba ndi lopanda mano. Lophonya chachiwiri lili ndi mano, koma limaluma ofooka okha.