Kucova njinga pothandiza odwala shuga

Pa 14 November dziko lonse limakumbukira matenda a shuga. Ndilo tsiku limene anabadwa Frederick Banting, amene pamodzi ndi Charles Best anapeza insulin ku Toronto mu 1921. M'mizinda yambiri anthu amacova njinga m'mwezi umenewu kuti asonkhe ndalama, ndipo mipingo ya mu Lusaka ingatengeko mbali.

Wocova amatenga pepala, abale ndi alongo alembapo ndalama imene adzapereka pa kilomita iliyonse. Akamaliza ulendo amatolera ndalamazo. Musanalembetse, funsani kumene ndalama zidzapita. Wodwala shuga amafunika tumapepala topimira magazi, ndalama ya basi yopitira ku UTH, ndi malo ozizira osungiramo insulin. Mu 2024 magetsi ankazima maola ambiri madzi atacepa ku Kariba, ndipo insulin imatha mphamvu ikakhalitsa pa kutentha. Thandizo lotere liposa kugula masikipa okongola.

Ocokera ku Chelstone mudziwa mmene mabasi amaimira mwadzidzidzi mu Great East Road. Nyamukani m'mamawa, yendani pagulu, valani cisoti.

Amene ali ndi shuga angacovenso, atakambirana ndi a dokotala. Adye asananyamuke, apime magazi, anyamule maswiti. Mukaona mbale akunjenjemera, akutuluka thukuta lozizira kapena akulankhula zosamveka, mwina shuga yatsika. Muimitseni, mumpatse cotsekemera ngati angathe kumeza. Akakomoka musamuike kanthu m'kamwa, thamangirani naye ku cipatala.