Kunyonyomala ndi Chitsulo pa Mapewa: Gawo Lachiwiri

Anyamata ambiri onyamula zitsulo amafulumira kuwonjezera katundu asanaphunzire kunyonyomala bwino. Mapeto ake ndi ululu wa msana ndi mawondo umene ungamgoneke munthu kwa milungu ingapo.

Tsono inu awerengi, yambani ndi chitsulo chopanda katundu; cha amuna pampikisano chimalemera makilogalamu 20. Chikhazikeni pa minofu yakumbuyo kwa mapewa, osati pa fupa la khosi. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, zala zitaloza kunja pang'ono. Kokani mpweya, limbitsani mimba, ndipo tsikani mpaka chiuno chitsikeko pang'ono kupitirira mawondo. Zidendene zisachoke pansi, mawondo asagwere mkati, msana usapindike. Podzuka, chifuwa ndi chiuno zikwere pamodzi.

Nanga mphamvu zimakula bwanji? Paul Anderson wa ku Toccoa, Georgia, amene adapata mendulo yagolide pa Olimpiki ya ku Melbourne mu 1956, adakumba dzenje naimamo, chitsulo cholemera chitapingasa pamwamba. Poyamba ankachikweza pang'ono chabe. Pakapita masiku ankathiramo dothi, kotero kuti ankayamba atanyonyomala kwambiri kuposa kale.

Phunziro lake ndi loti pang'onopang'ono ndi mtolo. Chitani masewerawa kawiri kapena katatu pa sabata, mukusiya tsiku lopuma pakati, chifukwa minofu imakula popuma. Onjezerani makilogalamu 2.5 pokhapokha mwadzuka ndi katundu wakale msana uli chiwongokere. Katundu akakula, pakhale mnzanu wokulandirani.

M'gawo lotsatira tidzakamba za chakudya cha wonyamula zitsulo.