Filimu yoopsa ndi imene imakulondola mpaka pabenchi

Ndili mwana ndinkatapa ndalama ya mchere n'kukalowa nayo mu vidiyo sho ina kuseri kwa msika wa Ndirande. M'menemo ndi momwe ndidakumana ndi Freddy Krueger, mkulu uja wa nkhope yopsa ndi zala za mipeni, wa mu filimu ya A Nightmare on Elm Street ya 1984. Iyeyu amapha achinyamata ali kutulo. Mbava ungaitsekere chitseko, nanga tulo ungatithawire kuti? Sabata yathunthu ndidagona chokhala.

Azungu ambiri amati mfumu ya mafilimu oopsa ndi The Exorcist ya 1973, ya kamtsikana kogwidwa ndi chiwanda, mutu kuchita kuzungulira mpaka nkhope kuloza kumbuyo. Itangotuluka ku America anthu ena ankakomoka m'nyumba zoonetsera kanema. Choopsa chake si magazi ayi, koma kuti chiwandacho chalowa mwa mwana wa m'nyumba, amene mayi ake sangamuthawe.

Koma abale, kunena mosapsatira, Freddy ndidamuiwala nditakula. Nyumba zake n'zosanja, misewu yake ndi ya ku America. Imene idandikhala pamtima mpaka lero ilibe chilombo ngakhale chimodzi. Dzina lake ndi Living in Bondage, ya ku Nigeria, ya 1992, yomwe ndidaionera ndili wamkulu kale.

Nkhani yake ndi ya Andy, mnyamata wotopa ndi umphawi pamene anzake akuyendera magalimoto. Anzakewo akumulowetsa m'gulu la okhwima, ndipo chizimba chomwe akumuuza ndi munthu amene amamukonda koposa. Andy akupereka mkazi wake, Merit. Ndalama zikubweradi, koma mzimu wa Merit ukumutulukira paliponse, ngakhale pa ukwati wake watsopano, mpaka mutu kusokonekera, n'kumatola zakudya kudzala.

Taonani, palibe chachilendo apa. Za kukhwimira geni, za ndondocha zosenza matumba usiku, timazimva tsiku ndi tsiku pomwe tikudikira kasitomala. Filimuyi imangotenga mphekesera zathu zomwe n'kuzipatsa nkhope. Ndipo wakuphayo si mlendo, ndi mwamuna wogona naye mphasa imodzi.

Chondisowetsa mtendere n'chomwe chidachitika m'mutu mwangamu m'mawa mwake. Ndikudutsa mumsika ndidaona bambo wina yemwe okala yake idakula msangamsanga, mkazi wake atamwalira chaka chapitacho. Mtima udangoti phaa! Chonsecho ndikudziwa bwino kuti mayiyo adadwala nthawi yaitali, komanso kuti bamboyo amadzuka 4 koloko kukapikula katundu ife tili mkonono. Ndidachita manyazi ndekha.

Maganizo oterewa si masewera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, popanda ndi mmodzi yemwe amene adapezeka ndi magazi a munthu. Sindikunena kuti idachititsa ndi filimu, koma mantha ake ndi amodzimodzi.

Choseketsa n'chakuti mwini filimuyi, Kenneth Nnebue, anali wageni ngati inu nomwe. Akuti anali ndi mulu wa matepi a vidiyo opanda kanthu, ndiye adaganiza zojambulamo nkhani kuti malonda ayende. Matepiwo adagulidwa ngati zitumbuwa zamoto, ndipo ambiri amati Nollywood idayambira pomwepo. Kaya anansi ake ankanong'onezana zotani ataona ndalamazo.